NDALAMA ZA MBEWU ZIKAFIKE MU FEBULUWALE

Alimi anzanga a ku Nkhoma, Mitundu ndi Nathenje, nyengo yogulitsa mbewu yafika. Fodya akupita ku okushoni ku Kanengo, soya ndi mtedza zili m'matumba, ndipo m'makomo ambiri akutonola chimanga. Ino ndiyo miyezi imene mlimi amayenda atadzutsa mutu. Koma ine lero ndikufuna ticheze za mwezi wa Febuluwale, pakuti ndalama zimene mukulandira tsopanozi ndi zomwezo zimene zidzakudyetseni mwezi umenewo.

Munthu wa pa ntchito ya pamwezi amalandira malipiro kakhumi ndi kawiri pa chaka. Akaononga a Juni amangopirira masabata ochepa, a Julayi n'kufika. Mlimi amalandira kamodzi. Akalakwitsa mu Juni, adzalirira cholakwa chakecho mpaka chimanga chachiwisi chitacha.

Chaka china mu Januwale ndinayendera munda wa bambo wina kufupi ndi Nathenje. Chimanga chinali chachikasu, udzu utachipitirira. Mwini munda kunalibe. Anali atalawirira ku ganyu yopalira munda wa mnzake kuti apatsidwe ufa wodya tsiku limenelo. Mayi a pakhomopo anandilandira bwino, ndipo pocheza anandiuza kuti mu Meyi anagulitsa chimanga chambiri m'nkhokwe. Nditasuzumira m'nyumba ndinaona suti yokongola ili pa chingwe, ataikuta ndi pulasitiki, pansi pake pali nsapato zosongoka. Bamboyo sanali chidakwa kapena mlesi. Ndalama zinathera pa zovala ndi tizinthu tina ta pa msika, ndipo ya feteleza wobereketsa inasowa. Chomvetsa chisoni n'chakuti vutolo silinathere pomwepo. Munda wosapalira ndi wosathira feteleza unabereka pang'ono, motero suti ya chaka chimodzi inadya zokolola za zaka ziwiri.

GAWANI NDALAMA MUSANAPITE KU MSIKA

Ntchito yogawa ndalama ichitikire pa mphasa kunyumba, bambo ndi mayi ali limodzi, kope ndi pensulo zili pamanja. Ngati nonse simutha kulemba, mwana wa Sitandade 6 alembe. Pa msika si malo oganizirapo. Pamenepo pali phokoso, pali wailesi, pali anyamata oitanira malonda, ndipo paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Choyamba ndi chakudya. Inu mayi mukudziwa ndowa zimene banja lanu limatha pa mwezi. Werengani ndowazo kuyambira lero mpaka Epulo wa chaka cha mawa, muonjezerepo za alendo, za maliro ndi za aganyu. Chimanga chimenecho chithireni mankhwala a anankafumbwe monga Actellic, kapena chisungeni m'matumba osalowa mpweya a PICS, ndipo muchiiwale. Sichogulitsa. Chaka ndi chaka chimanga chimatsika mtengo pokolola n'kukwera mu Januwale ndi Febuluwale. Amene amagulitsa chakudya chake mu Meyi kuti agule malaya amadzagulanso chimanga chomwecho kwa venda yemweyo pa mtengo wowawa. Akuluakulu akukumbuka njala ya 2002, ndipo tonse tinaona mu Malichi 2024 boma likulengeza kuti maboma 23 mwa 28 a dziko lino ali pa ngozi ya njala kaamba ka ng'amba.

Chachiwiri ndi feteleza ndi mbewu, ndipo pamenepa ndikhalitsapo. Musadikire Novembala. Gulani matumba anu a feteleza wokulitsa ndi wobereketsa ndalama zikangolowa m'thumba. Mu Meyi 2022 mphamvu ya Kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, mvula ili pafupi kugwa. Mlimi amene anali atakwirira ndalama zake m'chitini anapeza kuti sizikukwaniranso matumba amene anawerengera. Mnzake amene anagula feteleza mu Julayi n'kumuika pouma, pamwamba pa mitengo, sanataye kanthu. Za feteleza wotsika mtengo wa boma musaziike m'kope ngati kuti mwalandira kale. Dzina lanu likatuluka, thokozani. Likapanda kutuluka, munda usagone.

Zikatero lembani za ana a sukulu amene amatsegulira mu Sepitembala, za chigayo, mchere ndi sopo, ndiponso kangachepe ka matenda. Chipatala cha Nkhoma, chimene chakhala chikuthandiza anthu a dera lino kuyambira 1915, n'cha mishoni ndipo chimafuna kolipira. Malungo sapangana ndi munthu. Ndalama imeneyi isakhale m'thumba la buluku. Ikani ku banki mkhonde, ku Mpamba kapena Airtel Money, kapenanso gulani mbuzi imene mungadzagulitse tsiku la vuto. Amene alibe posungira otere amathera kwa a katapila.

Zotsala pamenepo ndiye za zovala.

NANGA TIZIYENDA AUSIWA?

Iyayi. Mlimi ndi munthu wolemekezeka ndipo ayenera kuoneka bwino ku tchalitchi, ku msonkhano ndi ku chipatala. Nkhani ili pa kuchuluka kwa zovala ndi nthawi yogulira.

Makolo athu amasimba kuti kale ankagula nsalu kamodzi pa chaka akagulitsa mbewu. Masiku amenewo fakitale ya David Whitehead ku Blantyre, imene inatsegulidwa mu 1967, inkaluka nsalu za thonje lolimidwa konkuno, ndipo munthu ankapita nayo nsaluyo kwa telala wa pakhonde la sitolo. Chovala chinali chodula, choncho chinkasamalidwa. Kuyambira cha m'ma 1994 kaunjika anadzaza misika yonse. Kunena zoona kaunjika watithandiza, pakuti mwana wa mlimi wavala juzi ndi nsapato zimene kale akanangoziona kwa ana a aphunzitsi. Koma watiphunzitsanso kugula chinthu poti chatchipa, osati poti tikuchifuna. Malaya amodzi pa tsiku la msika ku Mitundu, siketi imodzi sabata yotsatira ku Nathenje, palibe amene amaona kuti ndalama ikupita. Dzaonkhetseni m'kope miyezi itatu yokha, mudzadabwa.

Popeza mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, ine ndimalangiza alimi kuti aziwerengera chovala m'ndowa za chimanga. Wogulitsa akatchula mtengo, inu dzifunseni chamumtima kuti kodi pamenepa ndi ndowa zingati, ndipo banja langa likanadya masiku angati. Jekete ya ndowa zinayi imaoneka mwina mukaiganizira chotero.

Pogula, yambani ndi ana. Kuno kufupi ndi phiri la Nkhoma kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi, choncho juzi ndi bulangete la mwana zili patsogolo pa nsapato zatsopano za bambo. Yunifolomu ya sukulu muuzeni telala asoke yokulirapo ndipo apinde mpendero waukulu, kuti mwana akatalika mudzangomasula. Ya mkulu ikachepa ipite kwa mng'ono wake.

Pa kaunjika musathamangire belo likangotsegulidwa, chifukwa nthawi imeneyo mtengo umakhala pamwamba. Pitani chakumadzulo wogulitsa akuganiza zolongedza, ndipo nenererani mopanda manyazi. Chovala chitembenuzeni, muone misoko, m'khwapa, kolala ndi zipi. Chiyang'anitseni pa dzuwa, pakuti nsalu yotha imaonekera kuwala. Zonyezimira zambiri zimangokhala chikomekome cha mkuyu, mukachapa kawiri zatha. Pewaninso masabata oyandikira Khirisimasi, pamene aliyense akugula ndipo ndalama yanu ikufunika ku munda.

Tsono pali nkhani ina imene amayi sakonda kuti ndiitchule, koma ndiitchula. Ndalama zambiri za zovala m'midzi yathu zikuthera pa zitenje za yunifolomu. Chinkhoswe chili ndi nsalu yake, ukwati uli ndi yake, kumanga chiliza yakenso, ndipo zonsezi zimaunjikana kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, nthawi yomwe ija yogula feteleza. Nsalu iliyonse ifunanso telala. Ndikudziwa kuti kukana n'kovuta, poti anthu adzati ndinu wodzikonda kapena mwasauka. Komabe banja likhoza kupangana kuti chaka chino tigula nsalu ya ukwati wa pachibale penipeni pokha, kwinako tidzavala imene tili nayo n'kukafupa monga mwa mphamvu zathu. Eni ukwati amakumbukira amene anabwera kudzathandiza kuphika ndi kutunga madzi kuposa mtundu wa nsalu imene anavala. Inunso anamkungwi ndi atsogoleri a magulu, musamasinthe nsalu chaka chilichonse. Taonani amayi a Chigwirizano: bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera, zomwezo chaka ndi chaka, ndipo palibe amene amati sakuoneka bwino.

Abambo musaseke. Za kuziziritsa fodya tikuzidziwa. Munthu akalandira ndalama za mabelo ake amasowa pamudzi sabata yathunthu, n'kubwera ndi chipewa, magalasi akuda ndi foni yatsopano, mayi ndi ana amene anasoka fodyayo usiku osalandira ngakhale mpango.

Chovala chimakhalitsa ndi kasamalidwe. Khalani ndi zovala za ku munda ndi za paulendo, ndipo mukangofika kuchokera ku tchalitchi vulani za paulendozo. Singano ndi ulusi zisasowe m'nyumba, pakuti kabowo kosokedwa lero sikafuna chigamba mawa, ndipo chigamba chosokedwa bwino sichinyozetsa munthu wa khasu. Pochapa musamenyetse kwambiri pa mwala. Yanikani chovala mutachitembenuza kuti dzuwa lisachifwifwitse.

Pali malo amodzi pamene sindifuna kuti muumire. Inu amene mumapopera mankhwala m'fodya kapena m'madimba a tomato ndi kabichi, khalani ndi ovolosi kapena malaya a manja aatali ndi buluku zopoperera zokha, pamodzi ndi majombo ndi chophimba kukamwa ndi mphuno. Zovala zimenezi muzichapa pazokha, osaziphatikiza ndi za ana, ndipo madzi ake musathire kufupi ndi chitsime.

Pogulitsa mbewu zanu onetsetsani kuti sikelo ndi yodindidwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo funsani mitengo yoyambira imene boma lalengeza chaka chino. Amene mukufuna kuthandizidwa kuwerengera matumba a feteleza oyenera munda wanu, bwerani ndi kope lanu kwa mlangizi wa m'dera lanu mwezi wa Julayi usanathe.