Zimene Zimachitika M'kalasi ya Pulayimale ndi Momwe Nyengo za Pachaka Zimakhudzira Maphunziro a Ana

Unduna wa Zamaphunziro ukufotokozera makolo, alimi, ochita malonda ndi anthu onse momwe tsiku la mwana wa kupulayimale limayendera, ndiponso momwe nyengo za pachaka zimakhudzira ntchito ya m'kalasi. Maphunziro a pulayimale m'sukulu za boma ndi aulere kuyambira chaka cha 1994, ndipo lamulo la zamaphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kupita kusukulu. Makolo ambiri amalembetsa ana awo chaka chikamayamba mu Seputembala. Vuto limabwera pambuyo pake, pamene mwana wolembetsedwayo ayamba kujomba masiku awiri kapena atatu pa sabata, akuluakulu kunyumba n'kumaona ngati palibe chimene chikutayika.

M'sukulu zambiri ana amafika isanakwane 7:30 m'mawa. Amasesa m'kalasi ndi pabwalo, amathira madzi m'zidebe zosambira m'manja, kenaka amaima pamizere kuimba nyimbo ya fuko ndi kumva zolengeza za mphunzitsi wamkulu. Akalowa m'kalasi, mphunzitsi amaitana mayina m'kaundula. Kaundulayu ndi amene amasonyeza, chaka chikamatha, kuti mwana wobwereza kalasi kawirikawiri ndi yemwe dzina lake linkaitanidwa popanda woyankha.

Phunziro lomwe makolo ayenera kulimvetsa bwino ndi la kuwerenga. Kuyambira mu 2016, ana a Sitandade 1 mpaka 4 amaphunzira kuwerenga Chichewa ndi Chingerezi motsata ndondomeko imodzi m'dziko lonse. Mu Sitandade 1 mwana amayamba ndi kumva liwu la lembo, kenaka amalizindikira pabolodi ndi kulilemba, mwina mumchenga kapena m'mwamba ndi chala asanagwire pensulo. Akadziwa lembo la m, mwachitsanzo, amaliphatikiza ndi a, e, i, o, u n'kupeza ma, me, mi, mo, mu. Akaonjezerapo lembo la n amatha kuwerenga yekha mawu onga mano ndi mame. Mphunzitsi amayamba kuchita yekha ana akuonerera, kachiwiri amachita nawo limodzi, kachitatu ana amachita okha. Phunziro lililonse limatsamira pa ladzulo. Mwana amene wajomba sabata imodzi amapeza anzake akuwerenga mawu okhala ndi malembo amene iye sanawaonepo, ndipo m'kalasi momwe muli ana oposa 100, monga zimakhalira m'sukulu zina, n'kovuta kuti mphunzitsi abwerere m'mbuyo chifukwa cha mwana mmodzi. Mwana wotere amangotsatira pakamwa pa anzake. Kunyumba amamveka ngati akuwerenga, pomwe wangoloweza.

Masamu nawonso amayenda chimodzimodzi. Mukaona mwana akutolera zitsekero za mabotolo, timiyala kapena timitengo, musamukalipire kuti akusunga zinyalala, pakuti ndi zipangizo zowerengera zimene aphunzitsi amawauza kuti abwere nazo. M'sukulu zomwe muli ndondomeko ya chakudya, ana amalandira phala la ufa wa chimanga ndi soya, lophikidwa ndi anthu odzipereka ochokera m'midzi yozungulira, mothandizidwa ndi mabungwe monga Mary's Meals ndi WFP. Ana aang'ono amaweruka msanga, pomwe a makalasi akuluakulu amapitiriza ndi sayansi, zaulimi, zachikhalidwe ndi maluso a moyo mpaka masana.

Chaka cha sukulu chili ndi materemu atatu. Yoyamba imayamba mu Seputembala n'kutha mu Disembala, ndipo iyi ndiyo nthawi yolembetsa mwana amene wakwanitsa zaka 6. Kuchedwetsa mwana mpaka zaka 9 kapena 10 poganiza kuti akadali wamng'ono n'kumulakwira, chifukwa amadzachita manyazi kukhala pakati pa tiana, ndipo ambiri otere amasiyira panjira. Mu Okutobala kumatentha kwambiri, makamaka m'chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, choncho mwana azinyamula madzi akumwa.

Teremu yachiwiri, yoyambira mu Januwale, ndiyo imavuta kwambiri. Mvula ikagwa, makalasi amene amaphunzirira pansi pa mtengo amathawira m'zipinda za anzawo, ndipo phokoso la mvula pamalata limaphimba mawu a mphunzitsi. Mitsinje imadzaza, malungo amachuluka, ndipo m'mabanja ambiri nkhokwe zimakhala zitatha. Ino ndi nyengo yopalira, yobandira ndi yothira feteleza, ndipo m'madera a fodya ntchito yothyola ndi kusoka imayamba. Manja amachepadi kumunda, zimenezi sitingakane. Koma mwana atha kuthandiza ataweruka kapena Loweruka, malingana ndi msinkhu wake. Kumutenga m'mawa wa tsiku la sukulu kuti akagwire ganyu n'kumulanda maphunziro a pakati penipeni pa chaka, pamene aphunzitsi amakhala atafika pa mitu yolemera. Tikumbutsenso eni minda kuti lamulo la ntchito limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14.

Nkhani ya mitsinje njosiyana. Mtsinje ukasefukira mwana asaoloke, ndipo palibe mphunzitsi wanzeru amene angamudzudzule pa chifukwa chimenechi. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, sukulu za m'maboma a kumwera zinaimitsidwa ndipo zambiri zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Chofunika n'chakuti madzi akaphwera mwana abwerere tsiku lomwelo, ndipo mabuku ndi makope azikulungidwa m'pepala la pulasitiki kuti asanyowe. M'nyengo yomweyi, yomwe dziko limadzala mitengo kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, sukulu zambiri zimadzala mitengo pabwalo ndi kusamalira munda wa sukulu monga mbali ya phunziro la zaulimi.

Kwa ochita malonda, vuto lalikulu ndi tsiku la msika. Msika ukakhala wa Lachitatu, ndipo mwana azitumidwa kukagulitsa mandasi kapena kukalonda katundu sabata iliyonse, ndiye kuti akutaya tsiku limodzi mwa masiku asanu aliwonse a sukulu. Pakutha pa chaka masiku amenewa amaposa mwezi wathunthu wa maphunziro. Eni nyumba zoonetsera kanema m'misika nawonso asamalole ana kulowamo nthawi ya sukulu.

Teremu yachitatu imakumana ndi zokolola ndi kuzizira kwa Juni ndi Julayi. Chakudya chimakhala chilipo, koma ana amatumidwa kukakolola, kukatonola chimanga ndi kukumba mtedza, ena amazemba okha kupita kosaka mbewa. M'teremu yomweyi ophunzira a Sitandade 8 amalemba mayeso a PSLCE, omwe amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, ndipo zotsatira zake ndizo zimagwiritsidwa ntchito posankha opita ku Fomu 1. Makalasi ena onse amalemba mayeso otsekera chaka. Mafumu ndi anamkungwi akupemphedwa kuti zinamwali zizichitika m'tchuthi chachitali cha Ogasiti, ndipo ana azituluka sukulu zisanatsegulidwe.

Kholo lomwe mwana wake wadwala kapena walephera kupita kusukulu pa chifukwa china lidziwitse mphunzitsi wa kalasi yake, kuti mwanayo akabwerera auzidwe zomwe zamudutsa. Ngati vuto ndi njala, kusowa makope kapena zovala, likaonane ndi mphunzitsi wamkulu, komiti yoyendetsa sukulu kapena gulu la amayi a pasukulupo mwanayo asanasiyiretu.