Kodi malata ndi chikalata cha malo zimaitana msonkho?

Kwa Mabuka, kwa Chikumbu kapena kwa Njema, mukangotchula zolembetsa malo sipalephera kupezeka wochenjeza anzake kuti boma likadziwa kukula kwa munda ndi nyumba, chaka chamawa libwera kudzatolera msonkho. Ena amafika ponena kuti wofolera malata wadziitanira yekha anthu a khonsolo. Manthawa si oseka, ali ndi pochokera.

M'zaka za m'ma 1890, boma la atsamunda la Harry Johnston linaika msonkho wa nyumba, womwe unakhazikika pa mashilingi atatu pachaka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anaukweza kufika pa mashilingi asanu ndi limodzi, koma wogwira ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu ankalipira theka. Cholinga chinali choonekeratu: kutulutsa amuna m'midzi kuti akagwire ntchito m'maesiteti. Kuno ku Mulanje, komwe Henry Brown anadzala tiyi ku Thornwood mu 1891, Alomwe ochokera ku Mozambique anasenza mitolo iwiri, msonkho wa boma ndi thangata ya mwini malo. Olephera kulipira ankawatenthera nyumba, ena akazi awo ankagwidwa mpaka mwamuna atapeza ndalama. Kenaka kunabwera msonkho wa mwamuna aliyense, umene unatha nthawi yomwe dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri. Agogo athu anaona ndi maso kuti kulembedwa m'kaundula kumatsatana ndi kulipira, ndipo anatiuza zoona za nthawi yawo.

Koma msonkho wa nyumba wa lero, umene a m'tauni amati mareti, suyenda choncho. Umachokera m'lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, ndipo uli ndi makwerero ake. Dera liyenera kulengezedwa kaye mwalamulo kuti ndi lokhometsedwa mareti. Akatswiri oyesa mtengo wa malo ndi nyumba amalemba kaundula, yemwe lamulo limati azikonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Kaundulayo amaikidwa poyera, ndipo amene akuona kuti nyumba yake aikweza mtengo ali ndi ufulu wodandaula. Zikatero m'pamene khonsolo imagwirizana mlingo wolipira. Matchalitchi, mizikiti ndi manda sizikhudzidwa. Umu ndi momwe zimayendera ku Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu, ngakhalenso pafupi pompa ku Luchenza, komwe kuli khonsolo yakeyake. Nyumba ya kumudzi yomwe ili kunja kwa dera lolengezedwa siilipira mareti, kaya ndi yaudzu, kaya ndi yamalata ndi magetsi a dzuwa. Choncho munthu wofika pakhomo panu nkumati akutolera msonkho wa malata mumufunse lamulo lake, chizindikiro chake ndi lisiti la khonsolo.

Sindikunena kuti zinthu sizingasinthe. Chitakale, Limbuli, Nkando ndi Muloza akukula chaka ndi chaka, ndipo malo otere ndi amene khonsolo iliyonse imayang'anako ikamafuna ndalama. Koma chimene chimabweretsa mareti ndi chilengezo cha dera lonse, chomwe makhansala ndi mafumu amatha kuchifunsa m'khonsolo. Kubisa munda wako sikungachiletse.

Chisokonezo china n'chakuti ndalama iliyonse yokhudza malo timaitcha msonkho. Mwini liizi amalipira lendi ya malo chaka ndi chaka ku unduna wa za malo, chifukwa malowo wabwereka ku boma kwa zaka zoikika. Wochititsa lendi nyumba zake amayenera kulipira msonkho wa phindu ku bungwe lotolera misonkho la MRA. Mayi wogulitsa nanazi ndi mapeyala pamsika amadula tikiti ya khonsolo. Izi ndi ndalama zitatu zopita m'matumba osiyana, ndipo palibe imodzi mwa izo yomwe ndi mareti. Nayonso ndalama imene munthu amasiya kwa amfumu pothokoza atamuonetsa malire si msonkho wa boma, ngakhale ena amailankhula ngati lamulo.

Pamene mtima wanga umawawa kwambiri ndi pa nkhani yolembetsa. Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018 n'kukonzedwanso mu 2022, limalola munthu kapena banja kutenga chikalata cha malo awo kudzera m'komiti ya kwa gulupu, momwe amayi ayenera kukhala osachepera atatu. Ntchitoyi anaiyeserako kwa anansi athu ku Phalombe, komanso ku Kasungu ndi ku Rumphi. Chikalatacho chimanena mwini malo ndi malire ake. Sichiyesa mtengo wa nyumba, ndipo sichisandutsa mudzi kukhala dera la mareti. Nkoyenera kufunsa komiti poyera ngati pali ndalama yolipira polembetsa, ndi kuti ikupita kuti. Koma kuthawa ntchito yonseyo chifukwa cha mphekesera n'kudzipweteka. Boma la Mulanje linali ndi anthu oposa 680,000 pa kalembera wa 2018, opanikizana pakati pa phiri ndi minda ya tiyi. Kuno malo amayenda mwa akazi, koma ndi akazi omwewo amene amalandidwa minda, malume akagulitsa mwamseri kwa munthu wandalama. Namondwe wa Freddy atakokolola midzi mu Malichi 2023, m'malo ena mitengo ndi mizere yomwe inali malire inapita ndi madzi. Pa milandu yotere, mayi wamasiye wopanda pepala amadalira mboni zokha, ndipo mboni zimafa, zina zimagulidwa.

Pali enanso amene amati msonkho wa malo ndi msampha wa osauka basi. Kwenikweni mareti amatsata mtengo wa katundu: wa nyumba yaikulu ndi sitolo amalipira zambiri kuposa wa zipinda ziwiri. Tikiti ya pamsika ndiyo yosasiyanitsa, imaluma wogulitsa mulu wa tomato tsiku ndi tsiku. Khonsolo yopanda mareti imatsamira pa matikiti amenewa, ziphaso za bizinesi ndi ndalama zochokera ku Lilongwe. Maesiteti aakulu monga a Lujeri ndi Eastern Produce amalipira misonkho ya kampani ku MRA, yomwe imapita ku thumba la dziko lonse. Ndiye pamsonkhano wa bajeti ya khonsolo, anthu a ku Mulanje ali ndi ufulu wofunsa makhansala awo kuti pa ndalama zomwe khonsolo imatolera yokha, zingati zikuchokera kwa eni malo aakulu ndi nyumba zamalonda, ndipo zingati zikuchokera kwa amayi a pamsika wa Limbuli.