KUCHOKERA PA MTANDA KUFIKIRA PA JEKESENI: KODI ILIPO NJIRA YABWINO YOPHERA MUNTHU?



Ambirife tili ndi mtanda pakhoma la nyumba zathu, ena tinauvala m'khosi, ndipo tonse timachita chizindikiro chake tisanayambe kupemphera. Tauzoloŵera kotero kuti tinaiŵala chimene unali poyamba. Mtanda unali chida cha boma chophera anthu oweruzidwa kuti afe. Lero tsono tiyeni tione njira zimene maboma akhala akuphera anthu otere, chiyambire kale kufikira makono ano. Nkhaniyi ndi yosautsa kuimva, koma mkristu sayenera kutseka maso pa zinthu zochitidwa m'dzina la chilungamo. Pomvera tisunge funso limodzi mumtima: kodi njirazi zikamasinthidwa, amene akuchitiridwa chifundo ndani?

Pa nthaŵi ya Ambuye Yesu njira zinali zingapo. Ayuda, potsata Malamulo a Mose, ankaponya miyala: mboni za mlandu ndizo zinkayamba, khamu nkutsatira. Stefano Woyera anafa imfa ya miyala. Aroma ankayamba afunsa kuti wolakwayo ndani. Mfulu ya Roma kaŵirikaŵiri ankaidula mutu ndi lupanga, imfa yamsanga, ndipo mwambo wa Eklezia umati Paulo Woyera anafa chomwecho. Koma akapolo ndi oukira boma ankawapachika. M'chaka cha 71 Kristu asanabadwe, atagonjetsa akapolo otsogozedwa ndi Spartacus, Aroma anapachika anthu 6,000 m'mbali mwa mseu wochokera ku Capua kupita ku Roma. Wopachikidwa ankatha kukhala moyo maola ambiri, mwina masiku, akuzunzika ndi ludzu, kutaya magazi ndi kubanika, pakuti thupi likalendeŵera pa manja kupuma kumavuta. Asilikali akafuna kufulumiza imfa ankathyola miyendo. M'chaka cha 1968 ofukula zakale anapeza m'manda ena ku Yerusalemu fupa la chidendene cha munthu wopachikidwa, msomali wachitsulo udakali momwemo. Aroma sankabisa cholinga chao: munthu amve zoŵaŵa, achite manyazi, ndipo oona agwidwe ndi mantha. Mfumu Constantine ndiyo inaletsa kupachika anthu, patapita zaka pafupi 300 chifereni Ambuye.

Zaka mazana ambiri zitadutsa, anthu a ku Ulaya anayamba kuchita manyazi ndi nkhanza zoonekera, nayamba kufunafuna imfa yopanda ululu. M'chaka cha 1789 dokotala Joseph-Ignace Guillotin anapempha nyumba ya malamulo ya ku France kuti oweruzidwa onse, olemekezeka ndi anthu wamba, azifa imfa imodzimodzi yamsanga. Motero anapanga makina otchedwa guillotine: chimpeni cholemera chotsetsereka pakati pa nsanamira ziŵiri, chodula khosi m'kamphindi. Anayamba kuwagwiritsa ntchito m'chaka cha 1792. Komatu kuphweka kwake komweko ndiko kunachulutsa imfa. M'zaka za 1793 ndi 1794 anthu zikwi zambiri anafera pa makinawo, ndipo pa 17 Julaye 1794 asisitere 16 a chipani cha Karmeli ochokera ku Compiègne anadulidwa mitu tsiku limodzi ku Paris. Dziko la France linadula mutu wa munthu komaliza m'chaka cha 1977, ndipo linathetsa chilango cha imfa m'chaka cha 1981.

Pano tiyenera kudzigunda pachifuŵa ifenso a Eklezia. Pamene Apapa ankalamulira chigawo cha Italy ngati mafumu, boma lao linali ndi wakupha wake, Giovanni Battista Bugatti. Iye anayamba ntchito m'chaka cha 1796, naigwira zaka zoposa 60, napha anthu oposa 500, ambiri a iwo ndi makina omwewo. Munthu womaliza anaphedwa m'dziko la Apapa m'chaka cha 1870, ndipo Papa Paul VI anachotsa chilangochi m'malamulo a Vatican m'chaka cha 1969. Tsono sitikulankhula ngati anthu a m'manja moyera.

A ku Britain anasankha kukonza chingwe. Kale wonyongedwa ankafa pang'onopang'ono ndi kubanika, akuphiriphitha pamaso pa khamu. Kuyambira 1872 wonyonga wina, William Marwood, anabweretsa njira yogwetsa munthu kuchokera patali kuti khosi lithyoke msanga. Ankamuyeza kulemera kwake, nkuŵerengera kutalika kwa chingwe. Chikafupika munthu amabanika monga kale. Chikatalikitsa mutu umaduka. Ngakhale masamuwo akhale olondola, zida zimalephera. M'chaka cha 1885 ku Exeter, John Lee anaimikidwa katatu pa thabwa lonyongerapo, ndipo katatu konse thabwalo linakana kutseguka, mpaka boma linasintha chilango chake. Choopsa koposa chinachitikira Timothy Evans. Iye ananyongedwa bwinobwino m'chaka cha 1950, popanda cholakwika pa chingwe, pa mlandu wakupha mwana wake. Pambuyo pake zinadziŵika kuti John Christie, wokhala m'nyumba yomweyo amene anali mboni pa mlanduwo, anali atapha akazi angapo. Evans anakhululukidwa ndi boma m'chaka cha 1966, ali m'manda zaka 16. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.

Ku America ndiko njira zatsatizana kwambiri, iliyonse ikubwera ndi lonjezo lakuti ndi yachifundo kuposa inzake. Mpando wamagetsi unayamba ku New York pa 6 Ogasiti 1890. William Kemmler, woyamba kukhalapo, sanafe ndi moto woyamba; anachita kuyatsa kachiŵiri, thupi nkuyamba kupsa. M'chaka cha 1946 ku Louisiana, mnyamata wa zaka 17, Willie Francis, anatsika pa mpandowo ali moyo chifukwa unalumikizidwa molakwika. Chaka chotsatira anamkhazikanso, nafa. M'chaka cha 1924 ku Nevada anayamba kutsekera munthu m'kachipinda nkuloŵetsamo mpweya wapoizoni. M'chaka cha 1982 ku Texas anayamba kupha ndi jekeseni. Poyamba mankhwala ake anali atatu: loyamba logonetsa, lachiŵiri lofoola minofu, lachitatu loimitsa mtima. Taganizani za lachiŵirilo. Ngati logonetsa silinagwire bwino, munthu akhoza kumva ululu wonse koma osatha kufuula kapena kugwedeza chala, ndipo oona amaganiza kuti wagona mwamtendere. M'chaka cha 2014 ku Oklahoma singano sinaloŵe bwino mumtsempha wa Clayton Lockett, ndipo anamwalira patatha mphindi 43. M'chaka cha 2022 ku Alabama analephera kupeza mtsempha wa Kenneth Smith, nambwezera m'ndende. Pa 25 Januwale 2024 anamveka chophimba kumaso nampumitsa mpweya wa nitrogen mpaka anafa. M'chaka cha 2025 ku South Carolina anapha munthu poombera ndi mfuti. Atayendayenda zaka zoposa 130, abwerera ku chipolopolo.

Tsono tibwerere ku funso lathu lija. Ku Utah, asilikali akamaombera woweruzidwa, mfuti imodzi amaikamo chipolopolo chosapha, kuti aliyense athe kudziuza kuti mwina si iye. Ku Japan, kumene amanyonga, alonda atatu amadina mabatani atatu nthaŵi imodzi, koma limodzi lokha ndilo limatsegula thabwa. Pa miyala paja mboni inkayenera kuponya poyera mwala woyamba. Makono tikubisa dzanja. Kale ankapha pabwalo. Makono maiko ambiri amapha kuseri kwa makoma. Zonsezi zikutiululira chinthu chimodzi: chikumbumtima cha munthu chimadziŵa kuti kuchotsa moyo wa mnzako womangidwa, amene sangathenso kupweteka wina, ndi chinthu cholemera. Kusintha njira kwapepuza mitima ya oona ndi ya akupha. Kwa wofayo, imfa ikadali imfa.

Nchifukwa chake Eklezia, ataganizira zaka zambiri, analeka kufunsa za njira. Papa John Paul II analemba m'chaka cha 1995 kuti popeza ndende zamakono zingathe kuteteza anthu, chifukwa chophera wolakwa chimapezeka mwa kamodzikamodzi, mwinanso sichipezeka konse. M'chaka cha 2018 Papa Francis anakonza ndime 2267 ya Katekisimu, naphunzitsa kuti chilango cha imfa nchosaloleka, chifukwa ulemu wa munthu sutha ngakhale atachimwa kwakukulu.

Kwathu kuno chingwe chinadza ndi malamulo a boma la Angerezi. Malaŵi ananyonga munthu komaliza m'chaka cha 1992, ndipo m'chaka cha 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, khothi linagamula kuti woweruza asakakamizidwe kupereka imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha. Komabe chilangocho sichinafafanizidwe m'malamulo athu. Anansi athu anachithetsa: Mozambique m'chaka cha 1990, Zambia m'chaka cha 2022, Zimbabwe m'chaka cha 2024.

Tikudziŵa kuti pakati pa inu omvera alipo ena amene anaika m'manda mwana kapena mwamuna wophedwa ndi chigaŵenga. Misozi yanu sitikuipeputsa. Mlandu suola, ndipo wakupha ayenera kulangidwa ndi kuchotsedwa pakati pa anthu. Koma tikumbuke kuti pa Gologota panali mitanda itatu, ndipo mmodzi wa aŵiri aja, amene anavomera yekha kuti analakwadi, anatembenuka mtima m'maola ake omaliza. Nthaŵi yotembenukira ndi mphatso ya Mulungu, ndipo palibe chingwe kapena singano imene ingaibweze.

Usiku uno pochita chizindikiro cha mtanda, tipempherere ophedwa ndi abale ao, akaidi odikira imfa, oweruza, ndi alonda a ndende. Mulungu Wamphamvuzonse akudalitseni nonse. Amen.