Osafulumira Kumweruza Munthu Wokonda Kukhala Yekha

Pafupi-fupi m'mudzi uliwonse mumapezeka munthu amene safuna kuyandikana ndi anzace. Nyumba anamanga kumapeto kwa mudzi, pamaceza saonekapo, ndipo akamfunsa za cikwati amatembenuza nkhani. Ena amati ngwonyada, ena amafika pomnong'oneza kuti ndi mfiti. Koma kawiri-kawiri gwero la khalidweli liri m'nyumba imene munthuyo anakuliramo.

Mwana amene usiku ndi usiku amaona atate ace akucokera kumowa ndi kuyamba kumenya amai, kapena amene akalira amakalipiridwa m'malo motonthozedwa, amaphunzira msanga kuti anthu apafupi ndiwo amapweteka. Cimodzi-modzi mwana amene cikwati ca makolo ace citatha anangoponyedwa uku ndi uko, lero kwa ambuya, mawa kwa atsibweni. Akakula amaona kuti kutalikirana ndi anthu ndiyo njira yopewera zowawa.

Akatswiri a maganizo a anthu anazifufuza zimenezi. M'zaka za 1954 ndi 1955 Mary Ainsworth anayendera mabanja 26 pafupi ndi Kampala ku Uganda, napenyetsetsa m'mene makanda amakhalira ndi amai ao. Pambuyo pace, ali ku Baltimore m'dziko la America, anapeza kuti makanda amene amakanidwa kawiri-kawiri akafuna kunyamulidwa amaleka kuthamangira amai ao, naoneka ngati alibe nao kanthu. Akatswiri ena anaona kuti cizolowezi cotere cingamtsate munthu mpaka m'cikwati: amabisa zakukhosi, ndipo kamkangano kakang'ono kamamthawitsa. Komabe si ana onse amene amatero. Wamkulu mmodzi wacifundo, kaya ndi ambuya kaya ndi aphunzitsi, angathe kumbwezera mwana cikhulupiriro.

Motero makolo ayenera kukumbukira kuti njobvu zikamenyana umabvutika ndi udzu. Mikangano ya m'nyumba ndi nchito ya ankhoswe, ndipo iyenera kukambidwa ana ali kutali. Pakafika pa kumenya, nkhaniyo yapitirira ankhoswe. M'caka ca 2011 Boma la Zambia linakhazikitsa lamulo lolimbana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yolandira madandaulo otere. Mwana wobvutitsidwa angaimbe lamya kwaulere pa nambala 116.

Nanga munthu amene anakula kale ndi bala lotere? Kumkakamiza kukwatira kapena kumseka pagulu kumangomkankhira kutali, ndipo kumchula mfiti ndi mlandu m'malamulo a dziko lino. Cimene cimathandiza ndi kumcezera kawiri-kawiri popanda kumpanikiza ndi mafunso, kumuitana kumunda ndi kucakudya, ndi kusunga cinsinsi cimene waulula. Akaoneka kuti wafooka m'maganizo, abale amperekeze kucipatala. Akulu-akulu anati kali kokha nkanyama, koma munthu amene anapwetekedwa ndi abale ace amabwerera kwa anthu pang'ono-pang'ono, ndipo amafuna womdikira modekha.