Kuchoka m'kope kufika pa buku: njira ya mlembi wa ku Kasakula

Mu 1932 bungwe lina la ku London, International Institute of African Languages and Cultures, lidachititsa mpikisano wa zolemba za m'zilankhulo za mu Africa. Mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, Samuel Josia Ntara, adatumizako nkhani yake yotchedwa Nthondo ndipo idapambana. Idatuluka ngati buku mu 1933, kenaka T. Cullen Young adaimasulira m'Chingerezi pa mutu wakuti Man of Africa. Ntara yemweyo ndiye adadzalemba mbiri ya mfumu Msyamboza ya ku Chibanzi, m'boma la Dowa. Mapiri athu ano adalowa kale m'mabuku, ndipo adalowa m'Chichewa.

Komabe mukafunsa kuno kwa Kasakula mupeza aphunzitsi, akuluampingo ndi ana a sekondale amene ali ndi makope odzaza ndakatulo, nthano ndi mbiri za midzi, koma amangowasunga m'sutikesi poganiza kuti buku ndi la anthu a ku Blantyre. Si choncho ayi. Njira ilipo, malamulo adaiika, ndipo salabadira kuti munthu akuchokera kuti.

Choyamba kudziwa n'chakuti zomwe mwalembazo ndi chuma chanu. Lamulo la umwini wa zaluso, Copyright Act la 2016, limateteza ntchito yanu kuyambira pomwe mwailemba, ngakhale musanapite nayo ku ofesi iliyonse. Chitetezocho chimakhalapo moyo wanu wonse ndi zaka zina 50 mutamwalira, kutanthauza kuti ana ndi adzukulu anu ali ndi gawo pa bukulo. Vuto limadza pamene wina wakuberani ndipo mukufunika umboni. N'chifukwa chake kope lanu loyamba, lofufutafufuta lija, musalitaye kapena kukulungira usipa. Lembanipo tsiku. Mukapita kokataipitsa ku Ntchisi boma kapena ku Mponela, tengani fulashi yanu, muikemo ntchito yonse, muone ndi maso anu kuti pa kompyuta ya eni malowo yafufutidwa, ndipo mudzitumizire nokha pa imelo kuti tsiku lake lidziwike.

Bungwe loyang'anira umwiniwu ndi COSOMA, lomwe lidayamba ntchito mu 1992 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe. Ambiri amaliyesa la oimba okha. Alembi nawonso amalembetsako ntchito zawo, ndipo bungweli limatolera ndalama kwa amene amachita fotokope mabuku n'kuzigawira eni ake. Lilinso ndi thumba lotchedwa Copyright Fund lomwe aluso amapemphako thandizo akalengeza kuti nthawi yofunsira yakwana.

Musanaganize za makina osindikizira, ntchitoyo iwerengedwe ndi munthu amene sangakuopeni. Mnzanu wapamtima adzangoti "zili bwino zedi". Pezani mphunzitsi wa Chichewa wodziwa malamulo a kalembedwe omwe amayang'aniridwa ndi Centre for Language Studies ku Zomba, ndipo Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000 ukhale pafupi. Buku lodzala zolakwika limanyozetsa mwini wake ngakhale nkhani ili yokoma.

Apa njira zimagawikana pawiri. Yoyamba ndi yopereka ntchito yanu ku kampani yofalitsa mabuku, monga Dzuka kapena CLAIM Mabuku ku Blantyre, Montfort Media ku Balaka, Kachere ku Zomba, kapenanso Luviri ku Mzuzu. Aliyense ali ndi mtundu wa mabuku omwe amakonda, choncho yambani mwaona zomwe adatulutsa kale. Kampani ikalandira ntchito yanu pa njira imeneyi, ndiyo imalipira wokonza, wojambula chikuto ndi wosindikiza, n'kumagulitsa yokha, inu n'kumalandira gawo pa buku lililonse logulidwa. Pamafunika kudekha, chifukwa yankho limachedwa ndipo nthawi zambiri limakhala lokana. Likakhala lovomera, musathamangire kusayina. Werengani pangano lonse, mufunse kuti gawo lanu ndi lotani, lidzaperekedwa liti, panganolo ndi la zaka zingati, ndipo umwini udzabwerera kwa inu pa zifukwa ziti. Kuloleza kampani kusindikiza buku lanu kwa kanthawi ndi kuigulitsa umwini wonse n'zinthu ziwiri zosiyana kotheratu, ngati kubwereketsa munda ndi kuugulitsa. Zonse zilembedwe papepala. Za pakamwa zimauluka.

Njira yachiwiri ndi yodzitulutsira nokha buku, ndipo ndi yomwe alembi ambiri atsopano akutsata masiku ano. Apa inu ndinu mwini zonse, phindu ndi zotayika zomwe. Mufunika nambala ya ISBN, ya manambala 13, imene imakhala kumbuyo kwa buku ndipo imalizindikiritsa padziko lonse. Kuno ku Malawi imaperekedwa ndi a National Archives ku Zomba, ndipo muitenge musanasindikize kuti ilowe pa chikuto. Ofesi yomweyo, motsatira lamulo la Printed Publications Act, iyenera kulandira kope la buku lililonse lotuluka m'dziko muno. Ena amaona ngati akulandidwa. Ine ndimaona kuti ndi mwayi waukulu, pakuti buku la mbiri ya mudzi wa kwa Kasakula lidzasungidwa pamodzi ndi zolemba za fuko lonse, ndipo wofufuza adzalipeza ife tonse titapita.

Chenjezo langa lalikulu lili pa chiwerengero. Wosindikiza adzakuuzani, moona ndithu, kuti mukachulukitsa makope mtengo wa buku limodzi umatsika. Munthu amatenga ndalama yonse ya soya kapena ya fodya n'kuitaya kumeneko, kenaka makatoni amakhala pakona ya nyumba, chinyontho cha dzinja chikulowa ndipo chiswe chikuyamba ntchito yake. Yambani ndi makope ochepa amene mukudziwa kale ogula ake, kaya ndi kumpingo, kusukulu, kapena kwa abale a m'tauni. Akatha mudzasindikiza ena. Ngati cholinga chanu ndi buku loti lizigwiritsidwa ntchito m'kalasi, dziwani kuti liyenera kuunikidwa ndi kuvomerezedwa, ndipo ntchito ya silabasi ili m'manja mwa Malawi Institute of Education ku Domasi.

Mipikisano ndi nyuzipepala ndi pomwe dzina la mlembi limayambira kumveka. Masamba a Chichewa monga Tamvani mu Weekend Nation ndi Tikambe mu Malawi News muziwawerenga kuti muone zomwe akonzi amalandira. Bungwe la alembi la Malawi Writers Union, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1995, lakhala likuchititsa mipikisano ya nthano zazifupi ndi mabuku. Shadreck Chikoti adapambana mphoto yake ya Peer Gynt mu 2013 ndi buku la Azotus the Kingdom. Kunja kuli Commonwealth Short Story Prize, womwe Mmalawi aliyense wa zaka 18 kapena kuposerapo angalowe kwaulere. Umatsegulidwa pa 1 Seputembala n'kutsekedwa pa 1 Novembala, umafuna nthano yosasindikizidwapo ya mawu 2,000 mpaka 5,000, ndipo umalandira nthano yomasuliridwa m'Chingerezi kuchokera m'chilankhulo china. Wopambana m'chigawo cha Africa amalandira mapaundi 2,500. Zonse zimatumizidwa pa intaneti, choncho musadikire tsiku lomaliza, netiweki ya kumapiri kuno mukuidziwa.

Mukalandira uthenga pa WhatsApp wonena za mpikisano wofuna kuti mutumize kaye ndalama pa nambala ya munthu, wopanda dzina la bungwe, malamulo olembedwa kapena mayina a oweruza, usiyeni. Werenganinso bwino malamulo a mpikisano uliwonse musanaike nthano yanu pa Facebook, popeza ina imaitenga ngati yofalitsidwa kale. Mphoto ya Caine ndiyo imachita mosiyana. Imafuna nthano yotuluka kale m'magazini kapena m'buku, ndipo woitumiza amakhala wofalitsa, osati mlembi. Stanley Onjezani Kenani adafika m'ndime yomaliza ya mphoto imeneyi kawiri, mu 2008 ndi mu 2012.