KAMERA YATSOPANO: KODI N'KOYENERA KUITHAMANGIRA?

Pafupifupi chaka chilichonse makampani opanga makamera amatulutsa mtundu watsopano, ndipo otsatsa malonda amautamanda ngati kuti makamera onse akale atha ntchito. Wojambula zithunzi pa maukwati ndi pa zinkhoswe akamva zimenezi mtima umakhala m'mwamba, poopa kuti anzake amusiya m'mbuyo. Koma asanagulitse kamera imene imamudyetsa, ndi bwino kuti amve mbiri ya kamera ina ya ku Japan.

M'mwezi wa September 2012 kampani ya Nikon inatulutsa kamera yotchedwa D600. Inatchuka msanga chifukwa sensa yake, ndiye kuti kachipangizo kolandira kuwala m'malo mwa filimu, inali yaikulu ngati filimu ya mamilimita 35, chonsecho mtengo wake unali madola a ku America pafupifupi 2,100, wotsikirapo pa makamera a gulu limenelo. Patangopita milungu yochepa, ogula anayamba kudandaula kuti pa zithunzi zawo pakuoneka timadontho takuda, makamaka pa ngodya ya kumwamba chakumanzere. Akapukuta sensa, timadonthoto tinkabweranso. Ambiri anazindikira kuti litsirolo silinkachokera kunja ayi, koma m'kati momwemo, pa kachitseko kotchedwa shutter, kamene kamatseguka ndi kutsekeka pojambula.

Mu February 2013 kampaniyo inavomera kuti madandaulo alipo, ndipo inalangiza anthu za kapukutidwe. Mu October chaka chomwecho inatulutsa D610, yofanana kwambiri ndi inzake ija koma ya kachitseko katsopano. Mpaka mu February 2014 ndi pamene inalonjeza kusintha kachitsekoko kwaulere pa D600 iliyonse, ngakhale nthawi ya chitsimikizo itatha. Mwezi wotsatira wailesi ya kanema ya CCTV inadzudzula kamerayi, ndipo akuluakulu a ku China analamula kuti ileke kugulitsidwa m'dzikomo. Amene anathamangira kugula anavutika kupitirira chaka chathunthu. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Phunziro lake ndi lakuti zilema zina sizioneka m'fakitale. Zimatulukira kamera ikajambula zithunzi zikwizikwi m'manja mwa anthu ambiri. Choncho ogula oyamba ndiwo amayesera anzawo onse, ndi ndalama zawo zomwe. Kwa wojambula wokhala kutali ndi malo okonzerako makamera, vutoli limakula, pakuti kamera ikatumizidwa kukakonzedwa, ntchito imaima.

Palinso nkhani ya mamegapikiseli, amene otsatsa malonda amakonda kuwatchula. Megapikiseli imodzi ndi timadontho miliyoni imodzi topanga chithunzi. Chithunzi cha mainchesi 6 m'litali ndi 4 m'lifupi chimatuluka bwino ndi mamegapikiseli oposa 2 pang'ono, ndipo chachikulu ngati pepala la A4 chimafuna pafupifupi 9. D600 ija inali nawo 24. Chimene chimakometsa chithunzi kawirikawiri ndi galasi labwino la kutsogolo, kuwala koyenera ndi luso la mwini wake.

Tsono munthu asanasinthe kamera adzifunse kuti: kodi ndi ntchito iti imene yakaleyi ikulephera? Ngati yankho palibe, ndalamazo asunge kapena agulire galasi lina. Ngati yankho lilipo, adikire miyezi ingapo kuti amve zimene ogula oyamba akumana nazo. Wogula kamera yogwirapo kale ntchito aiyese asanalipire: achepetse kabowo kolowera kuwala kufika pa f/16, ajambule khoma loyera kapena thambo lopanda mitambo, kenaka akuze chithunzicho pa kompyuta. Litsiro la pa sensa lidzaonekera poyera. Afunsenso kuti kachitsekoko kagwira ntchito kangati, pakuti nako kamatha ndipo kusintha kwake n'kokwera mtengo.