ALENDO A PAKATI PA SABATA

Kodi muli ndi nyumba yogoneka alendo mu mzinda wa Lilongwe? Kapena mumagwira ntchito yosamala nyumba yotere? Ngati ndi choncho, nkhani iyi ndi yanu.

Ku Area 13, pafupi ndi City Centre, ndi m'madera ena monga Area 10, Area 12 ndi Area 43, anthu ena akonza nyumba zawo kuti muzigona alendo. Nyumba izi si hotela ayi. Zimakhala ndi chipinda chogona, bafa ndi khitchini. Mlendo amalipira tsiku limodzi, masiku awiri kapena sabata yathunthu, ndipo akafuna amadziphikira yekha.

Nyumba zina zimadzaza Lachisanu ndi Loweruka pokha. Anthu amabwera ku ukwati, ku chinkhoswe, kapena kudzaonera mpira ku Bingu National Stadium. Likafika Lamulungu masana, onse amanyamuka. Kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi, nyumba ili zii. Kodi mungatani kuti masiku amenewa muzilandiranso alendo?

1. Bedi silisungika ngati chimanga

Chimanga mukalephera kugulitsa lero, mumachibwezera m'nkhokwe. Mudzagulitsa mwezi wamawa. Bedi silitero. Ngati Lachiwiri palibe amene wagonapo, ndalama ya Lachiwiri yapita basi. Simungaipezenso Loweruka.

Komatu nyumba imadya ndalama tsiku lililonse. Mlonda amafuna malipiro ake. Wosesa ndi wochapa nayenso amafuna ake. Madzi a Lilongwe Water Board ndi magetsi a ESCOM salipiridwa ndi mawu. Khonsolo ya mzinda imafuna msonkho wake. Ngati nyumba ikugwira ntchito masiku awiri okha pa sabata, ndalama sizikwana. Mwini nyumba amayamba kuchedwetsa malipiro. Kenaka wantchito wina amachotsedwa. Nchifukwa chake nkhani iyi ikukhudza mwini nyumba ndi wantchito yemwe.

2. Mlendo wa pakati pa sabata ndani?

Mlendo wa Loweruka amabwera kudzasangalala. Mlendo wa Lachiwiri amabwera ndi ntchito. Awa ndi anthu awiri osiyana. Musawakope ndi nyambo imodzi.

Lilongwe inakhala likulu la dziko lino m'chaka cha 1975, m'malo mwa Zomba. Kuyambira pamenepo maunduna a boma ali ku Capital Hill. Nyumba ya Malamulo yatsopano inatsegulidwa mu 2010. Holo yaikulu ya misonkhano ya Bingu International Convention Centre inatsegulidwa mu 2012. Ku City Centre kulinso Reserve Bank, mabanki ena, ndi maofesi a akazembe a mayiko akunja. Malo onsewa ali pafupi ndi Area 13. Ndipo ntchito yaikulu kumeneko imachitika kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu.

Taganizirani anthu amene amabwera chifukwa cha malo amenewa:

- Ogwira ntchito za boma ochokera m'maboma monga Karonga, Mangochi ndi Nsanje, amene aitanidwa ku likulu.
- Ogwira ntchito m'mabungwe, amene abwera ku msonkhano kapena ku maphunziro a masiku atatu.
- Anthu ofuna ziphaso zolowera mayiko akunja ku maofesi a akazembe.
- Abale a wodwala amene watumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central.
- Amalonda odzagula katundu ku Old Town, ndi ochita za fodya ku Kanengo msika ukatsegulidwa, kawirikawiri cha m'mwezi wa Epulo.
- Apaulendo odzakwera ndege m'mamawa ku Kamuzu International Airport, ku Lumbadzi.

Mwaona? Alendo alipo, ndipo ali pakhomo panu pomwepo. Nyumba za kunyanja, monga ku Senga Bay m'boma la Salima, zimadalira kwambiri anthu opita kukapuma. Inu a mu mzinda muli ndi mwayi wina. Funso ndi lakuti, kodi nyumba yanu ndi yokonzeka kulandira munthu wantchito?

3. Zimene mlendo wantchito amafuna

Lisiti. Ichi ndi choyamba. Munthu wotumidwa ndi ofesi ayenera kukaonetsa mmene waonongera ndalama. Popanda lisiti, sabwerera. Khalani ndi buku la malisiti lolembedwa dzina la nyumba yanu ndi nambala ya foni. Khalaninso ndi chidindo. Lembani dzina la mlendo, tsiku, masiku amene wagona, ndi ndalama zimene walipira. Lembani zoona zokhazokha. Mlendo akakupemphani kuti mulembe ndalama zoposa zimene walipira, kanani mwaulemu. Uko ndi kuba, ndipo mlandu wake ungakugwereni inu.

Bata. Munthu amene ali ndi msonkhano 8 koloko m'mawa safuna phokoso usiku. Wailesi itsitsidwe. Agalu asauwe pafupi ndi zenera lake.

Tebulo, mpando ndi nyali. Ambiri amabwera ndi kompyuta. Amafuna pokhala, polemba, ndi potchajira foni. Amafunanso intaneti yosadukaduka.

Magetsi ndi madzi. Magetsi amatha kuzima, madzi amatha kusiya kutuluka. Nyali ya sola, mbaula ya gasi ndi thanki ya madzi zimapulumutsa. Ngati thanki simungaikwanitse, sungani madzi m'zigubu zaukhondo.

Chakudya cha m'mawa pa nthawi yake. Mlendo wa Loweruka amadzuka dzuwa lili pamutu. Wa Lachiwiri amafuna tiyi 6 koloko. Mufunseni madzulo kuti, "Bambo, tiyi tikonze nthawi yanji?" kapena "Mayi, madzi osamba muwafuna nthawi yanji?" Konzaninso simbi yositira, pakuti munthu sapita ku ofesi ndi malaya okwinyika.

Neti ya udzudzu yosang'ambika ndi zofunda zochapa bwino musaziiwale. Izi ndi za mlendo aliyense.

4. Mtengo: tiyeni tichite masamu

Anthu ena amaopa kutsitsa mtengo. Ena amatsitsa mpaka kuluza. Njira yabwino ndi kuwerengera. Manambala ali m'munsiwa ndi chitsanzo chabe. Inu muikepo anu.

Tiyerekeze kuti mumalipiritsa K40,000 pa tsiku. Alendo agona Lachisanu ndi Loweruka.

K40,000 x 2 = K80,000 pa sabata.

Tsopano mwati pakati pa sabata mtengo ukhale K30,000. Mlendo wagona Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu.

K30,000 x 3 = K90,000.

Koma mlendo akagona, pali zimene zimatha: sopo, madzi, magetsi, tiyi ndi buledi. Tinene kuti zonsezi ndi K8,000 pa tsiku.

K8,000 x 3 = K24,000.
K90,000 - K24,000 = K66,000.

Ndiye kuti mwapeza K66,000 yoonjezera pa sabata imodzi. Pa masabata anayi ndi K264,000. Ndalama imeneyi ikanapita ndi mphepo. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Pa masamu amenewa tiphunzirepo zinthu zitatu. Choyamba, dziwani ndalama zimene mumaononga mlendo akagona tsiku limodzi, ndipo mtengo wanu ukhale pamwamba pake ndithu. Chachiwiri, tsitsirani kwambiri amene akhala masiku ambiri. Mlendo mmodzi wa masiku atatu savutitsa ngati alendo atatu a tsiku limodzilimodzi, pakuti zofunda simuchapa tsiku ndi tsiku. Chachitatu, lembani mitengo yonse papepala ndi kuikhoma pakhoma. Mlendo akamva kuti mnzake analipira zochepa popanda chifukwa, amakhumudwa.

Pali njira inanso. Mlendo wa Loweruka muuzeni kuti akagonanso Lamulungu, alipira mtengo wotsika. Wobwera ku ukwati kuchokera kutali angakonde kupuma kaye, nkunyamuka Lolemba m'mawa.

5. Mlendo sangabwere kumene sakudziwa

Musangokhala pakhonde kudikira. Valani bwino, tengani timapepala tolembapo dzina la nyumba, malo, mitengo ndi nambala ya foni. Pitani ku maofesi a mabungwe ndi makampani. Funsani munthu amene amakonza malo ogona a alendo awo. Muuzeni kuti, "Tabwerani mudzaone nokha." Ofesi imodzi ikakukhulupirirani, ingathe kukutumizirani alendo chaka chonse.

Dziwananinso ndi madalaivala a matakisi, makamaka onyamula anthu ochokera ku bwalo la ndege. Mlendo akatsika, nthawi zambiri amafunsa dalaivala kuti, "Kodi malo abwino ogona ndi kuti?"

Foni yanu ndi ofesi yanu. Iyankheni msanga. Munthu akalemba pa WhatsApp, mutumizireni zithunzi zenizeni za nyumbayo. Mufotokozereni njira momveka bwino. Landirani ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kuti wakutali athe kulipiriratu. Alendo ochokera kunja amasaka malo ogona pa intaneti, monga pa Airbnb ndi Booking.com. Ngati izi simuzidziwa, pemphani mwana wanu kapena mdzukulu akuthandizeni. Polemba za nyumba yanu, tchulani kuti ili pafupi ndi Capital Hill ndi City Centre, kuti ili ndi intaneti, ndiponso kuti mumapereka lisiti.

Ngati kwanu kwadzaza, mutumizeni mlendo kwa mnansi amene ali ndi nyumba yabwino. Mawa iyenso adzakukumbukirani.

6. Buku la alendo

Tsopano mukudziwa kulemba ndi kuwerenga. Gwiritsani ntchito luso limeneli. Gulani kope lalikulu. Jambulani mizere. Lembani tsiku, dzina la mlendo, kumene wachokera, nambala ya foni, chimene wadzera, ndi amene anamuuza za nyumba yanu.

Pakutha pa mwezi werengani bukulo. Ndi tsiku liti limene nyumba imakhala yopanda munthu kawirikawiri? Alendo ambiri akuchokera kuti? Ndani wabwera kawiri? Amene wabwera kawiri musamutaye. Mutumizireni uthenga wa moni, ndi kumuuza kuti malo ake alipo. Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mlendo wantchito mukamusamala, amabwera mwezi uno, nabweranso mwezi wamawa, ndipo amauza anzake a ku ofesi.

7. Chenjerani

Njala ya ndalama isakuchititseni kulandira aliyense. Mlendo aonetse chitupa cha unzika, chimene Amalawi anayamba kulembetsa mu 2017, kapena pasipoti. Musalole kuti nyumba yanu isanduke malo omwera mowa usiku wonse. Mbiri ikaipa, anthu a ntchito amathawa, ndipo anansi amadandaula.

Tsatiraninso malamulo. Bizinesi yogoneka alendo imafuna ziphaso. Kafunseni ku Khonsolo ya Mzinda wa Lilongwe ndi ku ofesi ya boma yoona zokopa alendo. Za msonkho kafunseni ku MRA. Maofesi ambiri safuna kuchita malonda ndi nyumba yosalembetsa. Choncho mapepala anu akakhala bwino, ndi pamene alendo a pakati pa sabata amachuluka.

Mafunso oti mukambirane ndi anzanu

1. Kodi bedi likusiyana bwanji ndi chimanga?
2. Tchulani mitundu itatu ya alendo amene amabwera ku Lilongwe pakati pa sabata.
3. Chifukwa chiyani mlendo wantchito amafuna lisiti?
4. Mlendo wagona masiku 4 pa mtengo wa K30,000 pa tsiku. Inu mwaononga K8,000 tsiku lililonse. Mwatsala ndi ndalama zingati?
5. Lembani m'kope lanu mawu ochepa ouza anthu za nyumba yogoneka alendo ya kwanuko.